Chingwe cha Mkamwini

Pilirani, leka chingwecho. Ndakuona. Wachigwedeza, chitenje changa chagwera pafumbi, ndiye ukuyang'ana nkhuku ngati ndiyo yagwetsa. Tola, ukung'unthe, upachikenso. Ukatha ubwere kuno kumthunzi, nandoloyu sadzisenda yekha. Tadala, sendera uko, mlongo wako akhale pafupi ndi lichero.

Sindikukalipa iyayi. Ndinaona chimene unkayang'ana. Ukachimenya chingwe kuno kukhonde pamatuluka kalinunda, kamathamanga mpaka pamtengo wa mango uko, kenaka kamabwerera kudzakugunda m'dzanja. Inenso ndinakula ndikuyang'ana kanthu komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti inu ana mumangoseweretsa, pamene ife kalinunda kameneka ndi kamene kankatisungira chakudya.

Mwaseka. Chabwino. Mpunga wofiira uja munadya pa Khirisimasi mukuukumbukira? Uja fungo lake linakoka ana a mudzi wonse, n'kumaima kuseri kwa khitchini ngati abwera kudzapala moto? Pilirani mpaka ananyambita chipande. Mpunga umene uja sugulidwa pa Ulongwe kapena pa Balaka. Amatitumizira ndi ana a mng'ono wanga Esitere, kuchokera kwathu ku Chikweo. Ndipo chaka china unatsala pang'ono kutheratu, osatsala ndi njere yoti munthu n'kuloza. Mlandu unali wa chingwe. Mwini chingwecho anali agogo anu aamuna, a Lufeyo, amene Pilirani unatenga makutu awo ndi liuma lawo lomwe.

Mbewu ya mpungawo inabwera ndi anganga anga, amayi awo a amayi, pamene ankachoka kutsidya ku Mozambique kuthawa ntchito ya chikakamizo. Ankati anasiya mitsuko, anasiya mphasa, anasiya ndi mbuzi zomwe, koma mbewu anaimanga pamsonga pa nsalu n'kuibisa m'chiuno. Atafika kufupi ndi nyanja ya Chiuta anapatsidwa kachigawo ka dambo, n'kufesa. Kuyambira pamenepo, pamtundu pathu mwana wamkazi akakula ankapatsidwa kamtsuko ka mbewu imeneyo. Osati mapoto onyezimira amene mumapatsana pa zikwati masiku ano, uku mukuvina chobwerera m'mbuyo. Kamtsuko basi, komata pakamwa ndi dothi.

Kulima mpunga si ntchito yoopsa. Choopsa ndi mpheta. Inu kuno ku Kalembo mumadziwa anyani ndi anankafumbwe, mpheta za kudambo simuzidziwa. Ngala zikangoyamba kukhala ndi mkaka zimabwera ngati utsi wa lupsa, phokoso lake ngati mvula ikadali kutsidya. Kambalame kake n'kosadzaza dzanja la mwana, koma zikatera pamodzi zimafinya ngala ndi milomo, kumwa mkaka wonse, kukusiyira mankhusu oyera. Ukaima patali munda umaoneka wabwinobwino. Ukafika n'kugwira, mulibe kanthu.

Ndiye nyengo imeneyo, mvula ikamatsazika, tinkakhalira kudambo kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ankamanga nsanja pachulu, m'mphepete mwa munda. Kuchokera pansanjapo zingwe zinkatambalala ngati zala za dzanja, chilichonse kuloza kungodya yake. Kumapeto kwake ankapachika zigoba za nkhono ndi makoko ouma a chimanga. Mpheta zikatera uko, iwe sutsika iyayi. Umangogwira chingwe cha mbali imeneyo n'kuchikutumula. Kalinunda kathamanga, zigoba wayawaya, mbalame zonse mbuu m'mwamba! Munthu mmodzi ankalondera munda woti bwenzi banja lonse likuthamangamo.

Pansanja pankakomanso, musamve ngati tinkangovutika. Tinkanyamula makaka ophika, matemba ootcha, nthawi zina kalongonda. Inu kalongonda mumamuopa, akuti amazunguza mutu. Amazunguza mutu wa munthu waulesi amene safuna kutaya madzi pophika. Tinkaitanizana ndi atsikana a minda ina, kuimbirana nyimbo zonyozana, wina akagona pansanja tinkamuimba dzina mpaka kuchitsime. Koma ndisasochere.

Ndili kamtsikana ndinkaganiza kuti chingwecho ndicho chimapita uko n'kubwerera. Anganga anang'amba kansanza, anakamangirira pakati pa chingwe, n'kuti, "Kutumula, tione ngati kansanzako kakafike kumapeto." Ndinakutumula. Kansanza kanangodumpha m'mwamba n'kutsikira pomwepo. Chimene chinapita ndi kalinunda kokha.

"Waona?" anatero. "Zili ngati nkhani ya pachitsime. Anthu amakhala pomwepo, koma mawu amakafika kutsidya."

Ukuti chiyani, Tadala? Funde? Eya, kusukulu kwanu mumati funde. N'zoona, ndi mmene zimakhalira pa Chiuta: bwato limangokwera n'kutsika, funde n'kudutsa pansi pake kumapita. Koma ine undilole ndizinena kalinunda, lilime langa linauma kale.

Anganga anamwalira. Bambo anga anapita ku Halale kukafuna ntchito ndikadali wamng'ono, sanabwerenso, anasanduka mtchona. Pakhomo tinatsala amayi, ine ndi Esitere. Kenaka kunabwera chaka choipa. Mvula inadula pakati, dambo linauma mpaka kung'ambika moti mwana n'kulowetsamo phazi. Esitere tinamtumiza kwa atsibweni ku Nayuchi kuti pakamwa pachepe. Anthu anadya mbewu zawo. Achibale athu onse amene anali ndi mpunga wa anganga anausinja n'kuphikira ana phala, ndipo palibe amene angawanene. Amayi okha anatenga kamtsuko kawo, anakamatanso, n'kukapachika kutsindwi, muutsi. Tinkagona ndi njala tikukayang'ana.

Tsiku lina ndinati, "Amayi, ngakhale kaphala kokha."

Anati, "Ukadya kameneko wadya anganga ako."

Sindinapemphenso.

Njala itayamba kuchepa ndi pamene anatulukira mnyamata wa kuno ku Kalembo, agogo anu a Lufeyo. Ankayenda pansi, kuwoloka Shire pa bwato, kudzera ku Ntaja, kukagula nsomba zouma ku Ngokwe zoti azikagulitsa kwawo. Inu mukakwera njinga yamoto kupita pa Ulongwe pompa mumabwera mukuti msana ukuwawa. Iwo ankagona m'njira, m'midzi ya anthu osawadziwa, kumsana dengu, m'khwapa bangwe. Bangwe simumudziwa, inu mumadziwa nyimbo za m'foni. Ndi kathabwa ka mlombwa, pamwamba pake nsambo za waya, kumapeto kwake chikho chokuzira mawu. Waya wake ankasankha ngati munthu wosankha mbewu. Ankamasula waya wa mabuleki a njinga n'kutengamo kowonda kamodzi. Munthu wina pamudzi pathu anawapatsa waya wa mpanda, iwo anakana, amvekere, "Zikomo achimwene, koma ameneyu ndi wonenepa, adzalira ngati chule wa m'chitsime." Mudzi wonse unaseka. Mawu amenewo muwasunge, tiwafunanso.

Anaima pakhomo pathu kupempha madzi akumwa. Nsomba za ulendo umenewo zinakafika kwawo mochedwa kwambiri. Ulendo wotsatira anabwera ndi atsibweni awo, ndipo mvula isanagwe anali atamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya amayi. Mkamwini.

Apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Masiku ano ndimaona mkamwini atakhala pampando umodzi ndi apongozi ake aakazi, akuonera mpira, akuseka mano onse panja. Nthawi yathu sankayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina ankapatukira patchire, kugwada, n'kuwomba m'manja atayang'ana kumbali. Sikunali kudana iyayi, unali ulemu. Mawu awo ankadzera mwa ine. Koma si mawu onse amene mkazi watsopano anganyamule. "Amayi akuti mukawadulireko nsichi," amenewo ndinkanyamula. Koma akuti, "Amayi akuti ntchito yanu yalakwika," amenewo angatume ndani, ndipo anganyamule ndani?

Mvula itagwa tinatsitsa kamtsuko. Amayi anati tifese konse, chifukwa mbewu ikakhalitsa imafera m'tulo. Tinafesa, kamtsuko kanatsala kopanda kanthu. Mpunga unamera wobiriwira ngati wothira mafuta. Koma nthawi yopalira amayi anabayidwa ndi chitsa kuphazi, mwendo unatupa mpaka m'bondo, kudambo sakanathanso kufika. Titayang'ana zingwe zakale za anganga tinapeza chiswe chitamaliza kalekale.

A Lufeyo anati, "Zimenezo mundisiyire ine."

Kwawo kuno n'kwa chimanga ndi thonje. Chingwe chimene ankachidziwa ndi chomangira mbuzi ndi chomangira mitolo. Ndipo mkamwini watsopano amafuna ntchito yake izioneka kuchokera kunjira. Anakadula khonje, kupala, kuyanika, n'kupota zingwe zonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi ichi. Zokongola, ndisaname. Amuna odutsa ankaima n'kumazigwiragwira, kugwedeza mitu. M'malo mwa zigoba za nkhono, iwo anatolera zitini, kuikamo miyala, n'kupachika chingwe chonse kuyambira pansanja mpaka kumapeto.

Ndinati, "Abambo, za anganga zinali zowonda."

Anati, "Eya, n'chifukwa chake chiswe sichinavutike nazo. Izi adzagwiritsa ntchito ndi adzukulu athu omwe."

Adzukulu akewo ndinu. Munachionapo chingwecho?

Ngala zinatuluka, mkaka unalowa, mpheta zinafika. Tinakwera pansanja tonse awiri. Agogo anu anagwira chingwe chawo, kutsokomola kaye, n'kukutumula. Ana inu! Kalinunda kananyamuka ngati mmene ndimadzukira ine pamphasa. Kanayenda gwedegwede, kupatsa moni chitini chilichonse panjira. Zitini zapafupi ndi ife, kumene kunalibe mbalame, zinalira mpaka kutigonthetsa. Pofika kumapeto kalinunda kanali katatopa, chitini chomaliza chinangoti kho, ngati munthu wogogoda pakhomo pa ngongole.

Poyamba mpheta zinkathawa ndithu, chifukwa cha chilendo. Koma mbalame si chitsiru. Zinaphunzira kuti phokoso limayambira kutali n'kumabwera mwaulemu. Zinkapitiriza kudya, kalinunda kakayandikira zidumphe pang'ono, kakadutsa ziterenso pa ngala yomweyo. Zina mpaka zinkakhala pachingwe pomwepo kupumula, kupukuta milomo.

Agogo anu anavula malaya. Anati chikuchepa ndi mphamvu. Anagwira ndi manja awiri, kukutumula mpaka nsanja yonse kugwedezeka, ine kugwira mzati. Linunda linatuluka lalikulu ngati la ng'ombe yamphongo. Koma kayendedwe? Komwe kaja. Ichi n'chimene chinatidabwitsa tonse awiri. Ukamenya pang'ono, kalinunda kakang'ono. Ukamenya ndi ukali, linunda lalikulu. Koma pofika uko zimafika mofanana. Chingwe chili ndi mayendedwe akeake, sichifulumira chifukwa munthu wakwiya. Ngati Pilirani akatumidwa kumjigo: umuuze monyengerera, umuuze mokalipa, abwera nthawi yomweyo.

Kenaka anaganiza zokunga. Apo anaganiza bwino, chifukwa atakoka n'kumanganso, kalinunda kanafulumirako. Koma chingwe cholemera chonchija, ndi zitini zake zamiyala, chimafuna mphamvu za ngolo kuti chiwongoke, pamene dothi la dambo ndi lofewa. Zikhomo zinkapendekeka, zina kuzuka n'kubwera zikukwawa. M'mawa chingwe chinkakhala chitamwa mame, cholemera kuposa dzulo, mimba yake itagona pa ngala. Ndipo m'mawa ndi pamene mpheta zimabwera ndi njala yeniyeni.

Tinasiya nsanja n'kuyamba kuthamanga ndi miyendo. Ine mbali ino, iwo mbali iyo, matope mpaka m'maondo, misundu itakakamira m'miyendo, kukuwa mpaka mawu kusasa. Ukathamangira kum'mawa, zatera kumadzulo. Mbali ya kumunsi, kufupi ndi bango, inayamba kuyera. Ndinkagwira ngala, mankhusu okhaokha. Madzulo ndikamathowa mwendo wa amayi ndi madzi otentha, ankandifunsa motsitsa mawu.

"Zafika pati?"

"Zafika pa chitsa cha mkuyu."

Mawa lake, "Zafika pati?"

"Zadutsa chitsa."

Ankangoyang'ana kutsindwi, pamene pankakhala kamtsuko.

Ndinawauza za zingwe. Anati, "Ndinaziona akupota. Ndinadziwa tsiku lomwelo."

"Nanga osanena, amayi?"

"Ndinene kwa ndani? Mwana wa eni wasupuka manja chifukwa cha munda wanga. Ndimutumire mawu akuti wapota zachabe? Mawa adzanyamula bangwe wake, adzawoloka Shire ndi manyazi, iwe udzatsala ndi pakatipo ndi mankhusu."

Pamenepo n'kuti ndili ndi pakati pa azakhali anu aakulu. Atsibweni anga a ku Nayuchi aja, amene akanatha kumuitanira mkamwini pambali ngati amuna okhaokha, anali kutali, ndipo mpheta sizidikira munthu wapaulendo.

Linafika Lamulungu. Kutchalitchi sitinapite, Mulungu ankationa kumene tinali. Dzuwa likafika paliwombo mpheta zimakabisala m'bango, ndiye tinabwera kunyumba kudzamwa thobwa. A Lufeyo anakakhala kuseri kwa nkhokwe, manja ali matuza okhaokha. Anatenga bangwe, amene anali asanamukhudze chiyambireni kulondera. Nsambo zinali zitakhwepa. Anayamba kukunga imodziimodzi. Mukudziwa mmene imachitira: ikakhala yokhwepa imangoti buu, ukamakoka mawu amakwera, amakwera, mpaka nyii.

Amayi anali pakhonde, mwendo atausanjika pamtondo, msana utaloza kunkhokwe. Pafupi pawo panagona galu wathu, dzina lake Tilekeni. Ndinangomva amayi ayamba, mokweza ngati galuyo ndi gonthi.

"Iwe Tilekeni, dzuka umve. Ukumva kawayako? Kowonda, kokungika. Ukakakhudza kuno, kumapeto uko kamva kale. Mwini wake ndi munthu wodziwa, Tilekeni. Ndinamva kuti wina anampatsa waya wa mpanda, iye anakana, akuti udzalira ngati chule."

Bangwe anasiya kulira.

"Ine ndikanakhala ndi manja otero, Tilekeni, bwenzi munda wanga wonse nditausandutsa bangwe. Koma ndine nkhalamba ya mwendo umodzi, yongolankhula ndi agalu."

Galu anayasamula. Ine ndinabisa nkhope m'chikho cha thobwa. Ndinati basi, munthu uja akumanga katundu mumtima. Kenaka kuseri kwa nkhokwe a Lufeyo anatsokomola, n'kuitana.

"Tilekeni."

Galu anatukula khutu limodzi.

"Tilekeni, takafunsa eni munda. Khonje ngakhale atawonda, sangamwenso mame?"

Amayi, osatembenuka, "Tilekeni, kauze ofunsawo kuti anganga ankapaka phula la njuchi. Lilipo m'phale, kuseri kwa mtsuko wa madzi."

"Nanga zikhomo, Tilekeni? Dothi lija ndi phala."

"Munthu amene anatcherapo msampha wa nkhwali, Tilekeni, amadziwa ntchito ya nsungwi yopindika."

"Zitini zija?"

"Zitini, Tilekeni, ndikuzifuna ine. Ndibzalamo tsabola."

Galu uja anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kugonanso. Anali asanapatsidwepo ntchito yaikulu chotero.

Ine ndinabwerera kudambo kukathamanga ndekha. Agogo anu anabwera pambuyo, kumasula zingwe zawo zokongola zija, kuzikulunga, n'kupita nazo kunyumba paphewa, amuna omwe ankaziyamikira aja akuona. Pobwera madzulo ndinapeza chinthu chimene sindidzaiwala. A Lufeyo ali kuseri kwa nkhokwe, akupotolola chingwe chawo, kuchigawa tizingwe towonda. Kachingwe kakutuluka m'manja mwawo, kakuzungulira ngodya ya nkhokwe, kakukafika pakhonde, m'manja mwa amayi, amene akukapaka phula n'kumakulunga pachisononkho. Mkamwini ndi apongozi, osaonana, agwira chingwe chimodzi. Amayi akafuna china amangokoka pang'ono, uko amva, atumiza.

Chingwe chimodzi chonenepa chinabala tingapo. Kutacha anakadula nsungwi, anazizika mozama kumapeto kwa munda, chopendekera kunja, n'kuziweramitsa ngati za msampha asanamangepo kachingwe. Nsungwi imafuna kuwongoka, ndiye imakoka usana wonse osatopa. Kachingwe kakakhwepa ndi dzuwa, nsungwi imadzuka pang'ono n'kukakunganso. Ndipo popeza kanali kopepuka, kukoka kwa nsungwi imodzi kunali kokwanira kuti kawongoke ngati muvi. Zigoba za nkhono anapachika kumapeto kokha, kumene kuli ntchito. Atatha anayenda kachingwe ndi kachingwe, kukakhudza ndi chala, khutu ali pafupi, ngati akukunga bangwe. Kena ankati, "Aka kakadali ndi tulo," n'kuweramitsanso nsungwi.

Tinakwera pansanja. Mpheta zinabwera monga mwa masiku onse, zinatera kupitirira chitsa cha mkuyu, zodzidalira. A Lufeyo anandipatsa kachingwe. "Inu ndi amene munakulira pano, a Felesiya. Imbani."

Ndinakutumula ndi zala ziwiri zokha. Dzanja lisanabwerere pachifuwa, zigoba zalira kale uko, pamitu pawo penipeni, popanda odi. Mbuu! Zinazungulira, zinatera ngodya ina. Ndinagwira kena. Mbuu! Agogo anu anavina pansanja mpaka mtengo umodzi unathyoka, mwendo wawo n'kulowa. Tsiku limenelo mpheta zinaona kuti kwa Felesiya kwavuta, zinayamba kumadutsa pamwamba kupita kubango.

Wati bwanji, Tadala? Nenanso pang'onopang'ono. Aphunzitsi anu akuti ukafuna funde lithamange kawiri uyenera kukunga kanayi? Ndipo chingwe chikalemera kanayi, liwiro limatsala theka? Oho. Ine sindinawerengepo, koma manja a agogo ako akanavomereza. Ankakoka zambiri n'kupeza zochepa. N'chifukwa chake kuwondetsa chingwe kunali kwapafupi kusiyana ndi kuwonjezera mphamvu. Ukawauze aphunzitsiwo kuti akunena zoona, ndipo akafuna kuona ndi maso apite ku Chikweo mvula ikamatha.

Tinakolola. Si wambiri iyayi, mbali yaikulu inali itapita kale ndi mbalame. Tinkadula ngala imodziimodzi ndi kampeni, kusankha zolemera. Amayi anakhala pamphasa, lichero pamiyendo, kupatula njere zabwino. Anadzaza kamtsuko kawo. Anadzaza kanga. Anadzaza ka Esitere. Wotsala anagawira achibale aja anadya mbewu yawo, aliyense kadzanja, osamunena kanthu. Ife chaka chimenecho mpunga tinaulawa kamodzi kokha. Amayi anaphika kamphika kakang'ono, anapakula m'mbale, anaiika pansi pakati pa khonde ndi nkhokwe, n'kuti, "Tilekeni, iwe usayerekeze. Aka n'ka oimba bangwe."

Anapitiriza kulankhulana kudzera mwa galuyo zaka zambiri. Za denga, za mbuzi, za matenda a ana, zonse Tilekeni. Galu atafa ndi ukalamba, onse awiri analira kuposa mmene munthu amalirira galu, ndipo pakhomo panakhala chete masiku angapo. Kenaka amayi anapha nkhuku, anayala mphasa pakhonde, n'kuti, "Bambo, bwerani mukhale apa. Wotitumikira wapita." Ndi tsiku limene anaonana kumaso. A Lufeyo anati sankadziwa kuti apongozi awo ali ndi mpata kumano.

Zaka zotsatira munda unakula, anamanga nsanja yachiwiri kutsidya, iwo uko, ine kuno. Pakati pathu anakunga kachingwe kamodzi kopanda zigoba. Ndinkakakoleka kuchala. Akafuna madzi ankakoka. Akaona mbalame zikubwera kumbuyo kwanga ankakoka. Nthawi zina ankangokoka popanda chifukwa, ine n'kubweza. Inu muli ndi mafoni anu otha moto.

Amayi atamwalira, ana atakula, a Lufeyo ananditenga kubwera nane kwawo kuno, munda tinasiyira Esitere. Kuno kulibe dambo, kuli fumbi ndi ganyu. Ndinazolowera. Agogo anuwo anagona uko kuseri kwa tchalitchi, Pilirani usanayambe kuyenda. Bangwe wawo ali m'nyumbamo, nsambo zinachita dzimbiri. Koma nthawi zina ndikamayanika zovala, pakhomo popanda munthu, ndimachimenya chingwechi ndi chala. Kalinunda kamapita, kamabwerera kudzandigunda. Ndimadziwa kuti wabweza ndi mtengo wa mango. Komabe dzanja sindichotsa mpaka kafike.

Nandolo watha? Onani, Pilirani wasenda wochepa, wambiri wadya wosaphika. Dzuka, kamasule chingwecho kumtengo, uchikoke mpaka mimba yakeyo ithe, umangenso. Chitenje chikauma ndikulola umenye, uone wekha ngati sikafulumira.

Iwe Tadala, lowa m'nyumba, ukwere pampando, uyang'ane kutsindwi pamwamba pa chitseko. Pali kamtsuko komata ndi dothi. Usakatsitse, ungokaona. Chaka chilichonse mpunga ukabwera kuchokera ku Chikweo ndimakhuthula wakale, ndimathiramo watsopano, kuti usafere m'tulo. Ndi kako. Maphunziro ako upitirize mpaka kumene akathere, koma tsiku limene udzapeze dambo, udzafese konse, usadzasiyeko. Ndipo mnyamata amene adzati akuthandize kulondera, usadzayang'ane nsapato zake. Udzampatse khonje, ukhale pansi, uone chingwe chimene adzapote.